Sakhwi ndi Ng'oma ya Mimba Imodzi

Padangotero. Tili tonse, koma wolankhula akhale mmodzi, enanu mumvere.

Kalekale nyama zing'onozing'ono zidali ndi mudzi umodzi, ndipo mfumukazi yake idali Nungu. Mudziwo udali ndi ng'oma imodzi yokha yaikulu, dzina lake Mvekera. Idali ng'oma ya zikopa ziwiri, china uku china uko, zokungidwa ndi zingwe zomwezo, ndipo mimba yake idali imodzi. Ikalira, mawu ake ankafika mpaka kumunda wotsiriza, kumene mfuu ya pakamwa sinkafika.

Akuluakulu awiri ndiwo adali ndi chilolezo choimba ng'omayo. Woyamba adali Pusi, kapitawo wa alonda. Iye ankakhala pansanja, ndipo akaona mdani ankatsika n'kuimba. Mdani aliyense adali ndi kaimbidwe kake: ka Mphamba kankati bisalani pansi, ka nguluwe kankati chokani m'chimanga, ka moto kankati thawirani kumadzi. Wachiwiri adali Bwampini, nduna ya nkhokwe ndi ntchito. Iye ankaimba za tsiku ndi tsiku, za dima, za maliro, za amene wabwereka khasu osabweza. Ndiyenso ankasamala ng'omayo, kuiwamba pamoto ndi kukunga zingwe zake zikalefuka.

Awiriwa adakangana kale pamowa wa dima, nkhani yake ya woyamba kulandira chipanda, ndipo kuyambira pamenepo sankalankhulana. Nungu atatopa ndi milandu yawo adalamula kuti pamangidwe mpanda wa bango wodutsa pachiuno pa ng'oma. Chikopa china chidatsala kunja, kwa Pusi. China chidatsala m'chisakasa, kwa Bwampini. Aliyense adali ndi ndodo yakeyake, ndipo palibe ankaona chimene mnzake akuchita.

Kumunda wotsiriza kuja kunkakhala Sakhwi, wamphuno yaitali ndi miyendo yoonda. Adali mkamwini, n'chifukwa chake adapatsidwa malo a kumapeto. Adali ndi lilime loterera. Munthu akamvera Sakhwi nthawi yaitali ankatha kumupatsa khasu lake n'kumuthokoza pamwamba. Mkazi wake adali Nachisale, ndipo adali ndi ana awiri, Ndaziona ndi wina wakhanda.

Tsiku lina m'nyengo yopalira, Nachisale ali m'munda mwana ali kumbuyo, Bwampini adayamba kuimba uthenga wautali wa dima. Ali pakati, Pusi adaona Mphamba akuzungulira, nalumphira pachikopa chake. Ndodo ziwiri zidagwa pamimba imodzi, ndipo chimene chidafika kumunda chidali chiphokoso chopanda mutu. Nachisale adasiya khasu, naimirira chilili pamzere, natchera khutu kuti amvetse. Mphamba adatsikira pomwepo. Zikhadabo zidamung'amba phewa, koma iye adadzigwetsera m'ngalande pamodzi ndi mwana, napulumuka.

Sakhwi adamumanga bala.

"Bwanji simunabisale, mayi a Ndaziona?"

"Ndibisale bwanji? Ng'omayo imati makasu, imati thawani, imati mowa. Ndinaimirira kuti ndimve bwino."

"Ndiye tisamuke kuno."

"Tisamukire kuti? Munda ndi womwewu. Ana adya chiyani?" Nachisale adamuyang'ana m'maso. "Bambo a Ndaziona, inu mumapusitsa anthu tsiku lililonse pa zinthu zachabechabe. Lero kapusitseni anthu pa chinthu chanzeru. Ndikufuna ng'oma ikalira ndizimva ndili chowerama."

Sakhwi adanyamuka kupita kubwalo. Panjira adapeka nyimbo. Nyimboyo inkanena za mimba imodzi yokhala ndi pakamwa pawiri, ndipo inkafunsa kuti mwana wa kumapeto amvere pati. Idali ya mawu otsika, yoyenda ndi mapazi, ndipo kumapeto kwa mzere uliwonse woimba ankalumbira kuti sabwerera.

Atafika adagwada, naomba m'manja, nafotokoza zonse. Nungu adaitana akuluakulu awiri aja. Adakhala motalikirana, aliyense atafulatira mnzake.

"Ine ndinaimba chikopa changa," adatero Pusi. "Ntchito yanga ndi kuchenjeza. Kodi ndikanamusiya Mphamba adye anthu kuti a makasu amalize?"

"Inenso ndinaimba changa," adatero Bwampini, masaya ali tutumu. "Kodi ndinadumpha mpanda? Mumuuze, Chalo mfumukazi yathu, kuti mudzi sudya mfuu."

"Tigwetse mpandawo," adatero Sakhwi.

"Tsiku lomwelo ndisiya ukapitawo," adatero Pusi.

"Ine ndikatsekera nkhokwe n'kupita kwathu," adatero Bwampini.

Wina pabwalo adati aseme ng'oma yachiwiri. Nungu adapukusa mutu. "Ng'oma zikhale ziwiri, khutu la Nachisale ndi lomwelo. Zidzasokonezanabe m'mwamba." Kenako adatembenukira kwa Sakhwi. "Mkamwini, wadandaula ndiwe, konza ndiwe. Ndikulola kuyesa katatu. Ukalephera kachitatu, nkhani ya ng'oma usadzaitchulenso pabwalo lino."

"Zikomo, Chalo. Ndikonza."

Poyamba Sakhwi adaganiza zogawa tsiku. Adapita kwa Bwampini.

"A Nduna, m'mawa ndi nthawi ya akuluakulu. Mawu oyamba a tsiku ayenera kuchokera kwa mwini nkhokwe. Masana tiwasiyire a pansanja aja."

"Wayamba kukula, Kamphuno," adatero Bwampini.

Adazungulira mpanda napita kwa Pusi.

"A Kapitawo, wamkulu salankhula poyamba. Amadikira ana athe zawo, iye n'kutseka. Masana onse mpaka dzuwa kulowa akhale anu."

"Ndimadziwa kuti uli ndi nzeru pang'ono," adatero Pusi.

Onse adavomera, ndipo ng'oma idayamba kulankhula bwino. Sakhwi adayenda modzitukumula. Koma Mphamba nayenso adali ndi makutu. Adaona kuti m'mawa ng'oma imangonena za makasu, ndipo adasintha nthawi yake yosaka. M'mawa wina Pusi adamuona. Adatsika, nagwira ndodo, nakumbukira kuti adalumbira pamaso pa Nungu kuti saimba dzuwa lisanafike pamutu. Adakuwa ndi pakamwa mpaka mawu kusasa. A minda yapafupi adamva nabisala. A kumapeto sadamve kanthu. Mende, amene ankalima moyandikana ndi Nachisale, adatengedwa khasu lili m'manja.

Pamaliro Pusi adamugwira Sakhwi pakhosi. "Mdani sasunga nthawi, mkamwini iwe! Wandimanga manja, taona."

Sakhwi adadziwa kuti zidali zoona. Pobwerera adaimba nyimbo ija. Nthawi imeneyi mkazi wa Mende ndiye ankavomera, ndipo mawu a lumbiro aja adawaimba kawiri.

Ulendo wachiwiri Sakhwi adati: chenjezo lipose zonse. Pusi aimbe nthawi iliyonse imene waona mdani, ndipo Bwampini akangomva ndodo ya kunja aleke pomwepo. Kwa Pusi sadavutike. Kwa Bwampini adati, "A Nduna, mwana akamalira wamkulu amakhala chete. Musiyeni alire, inu mudzapitiriza." Bwampini adaseka navomera.

Zidayenda bwino mpaka chimanga chitakhwima. Tsiku lina Bwampini adaona kuti ng'oma yalefuka. Adamasula zingwe zonse kuti azikunge bwino, nasonkha moto wowambira. Zingwezo, monga ndanena, zidali zomwezo zogwira zikopa zonse ziwiri, choncho chikopa cha kunja nachonso chidalefuka, koma Pusi sadadziwe. Adaona nguluwe zikulowera kuminda ya kumapeto, natsika, namenya ndi mphamvu zake zonse. Ng'oma idangoti phu, phu, ngati munthu akumenya mtolo wa madeya. Adamenyanso mwaukali, ndipo chikopa chidang'ambika m'mphepete. Mkati, chingwe chidathyapa n'kumutema Bwampini chala.

Nguluwe zidafika kumunda kwa Nachisale popanda chenjezo. Iye adamva mapesi akuthyoka kumbuyo kwake, nagwira ana, nalowa nawo kuuna. Chiboda cha nguluwe chidagumula khomo la unawo, ndipo Sakhwi adachita kuwafukula ndi manja. Theka la chimanga lidapita.

Pabwalo Bwampini adakweza chala chomanga nsanza. "Ndinali nditaleka kuimba monga adanenera. Koma ng'oma idali pakati pa ntchito. Wina amangobwera n'kumenya ngati ng'oma ndi mwala."

"Ndikanadziwa bwanji?" adatero Pusi. "Kodi ndimaona kuseri kwa bango?"

"Kawiri," adatero Nungu. "Mkamwini, kwatsala kamodzi. Udzu wayamba kuuma, ndipo ukudziwa chimene chimabwera udzu ukauma."

Sakhwi ankadziwa. Mphamba amatenga mmodzi, nguluwe zimatenga chimanga, koma moto wolusa umatenga onse. Adakhala pakhomo pake osadya, akuyang'ana Ndaziona akusewera.

"Mwagonja?" adafunsa Nachisale.

"Ayi. Ndaona pamene ndimalakwitsa. Ndimagawa nthawi, ndimagawa ulemu, koma ndodo zili ziwiri. Pamene pali ndodo ziwiri, tsiku lina zidzagwera pamodzi."

"Ndiye mukawalande imodzi."

"Ndikalanda ya Pusi, asiya ntchito. Ndikalanda ya Bwampini, atseka nkhokwe. Ziyenera kutayika zonse, ndipo asadziwe kuti ndine."

Adasema ndodo ziwiri zofanana ndi za akuluakulu aja, nakaziika pachulu. Chiswe chitazidya mkati mpaka kutsala khungu lokha, adazitenga. Masana ena, anthu ali pachakudya, adasinthanitsa, nabisa ndodo zenizeni kudenga kwake. Bwampini atati aimbe, ndodo idafumbutuka m'manja. Pusi atati ayese yake, nayonso idangoti fwa.

Mudzi wonse udathamangira kubwalo.

"Ndisema ina," adatero Pusi.

"Semani, a Kapitawo," adatero Sakhwi mwaulemu, "koma chiswe chalawa kale. Chibweranso. Mudzazindikira tsiku la mdani, ndodo ikuthyokera m'manja. Mtengo umene chiswe chimaopa ndi mphingo wokha."

"Mphingo tiupeza kuti kuno?"

Sakhwi adangoyang'ana pansi, kenako adayang'ana ndodo yakuda imene idali m'manja mwa Nungu, imene mfumukazi idasiyiridwa ndi malemu mayi ake. Onse adayang'ana komweko.

"Chabwino," adatero Nungu. "Mudzi usakhale wosalankhula chifukwa cha ine."

"Tiidule pakati," adatero Bwampini, "aliyense atenge yake."

Minga yonse ya Nungu idaimirira. "Mudule ndodo ya mayi anga? Imeneyi ikhala yathunthu. Ndipo kuyambira lero, wokhudza Mvekera ndi chinthu china osati ndodo iyi wandinyoza ine."

Sakhwi adaomba m'manja, nkhope ili pansi kuti asaoneke kuti akumwetulira.

Adaboola chibowo pampanda, pamwamba pa ng'oma, choti dzanja lifike kuchokera mbali zonse, ndipo ndodo inkakhala pamenepo. Pamwamba pa mpanda adapachika maseche, ndi chingwe cholendewera uku ndi uko. Kenako adanena malamulo pamaso pa Nungu. Wogwira ndodo ndiye mwini ng'oma, wina asaikhudze. Wofuna ndodo ili kwa mnzake akoke chingwe, maseche alire. Womva maseche amalize mawu amene ali pakamwa pa ng'oma, osayamba ena, abwezere ndodo pachibowo. Bwampini akafuna kukunga ng'oma ayambe watenga ndodo, ndipo azimasula chingwe chimodzi chokha, amange, n'kupita pa china, kuti ng'oma isakhale yolefuka nthawi yaitali.

"Malamulo ndi abwino," adatero Nungu awiri aja atachoka. "Koma Pusi sangapemphe kanthu kwa Bwampini, ndipo Bwampini sangamvere kuitana kwa Pusi."

"Zimenezo mundisiyire, Chalo. Ndikupempha chinthu chimodzi chokha. Tsiku limene moyo uli pangozi ndipo ndodo yakanirira mbali imodzi, mpanda ugwe."

"Mpandawo ndidamangitsa ndine. Ukadzagwa popanda chifukwa, udzayankha ndiwe."

"Ndidzayankha."

Sakhwi adapita kwa Pusi. "A Kapitawo, masechewa ndawaikira inu. Bwana saitana wantchito ndi pakamwa. Mukakoka chingwe, wa m'chisakasa uja azithamanga kukupatsani ndodo."

"Ndipo ndikamaliza?"

"Muziiponya pachibowo. Kusunga katundu ndi ntchito yake, si yanu."

Pusi adaseka mpaka kugwira m'mimba.

Adazungulira kwa Bwampini, nanong'ona. "A Nduna, musauze munthu. Chingwe cha kunja ndachifupikitsa pansi. Kuti achigwire, a Kapitawo amayenera kugwada. Mukamva maseche, dziwani kuti munthu ali pamaondo kuseriko, akupempha."

"Pusi? Kugwada?"

"Maondo onse awiri. Inu muzimaliza mawu anu mwaulemu wanu, kenako muzimugawira, monga mwini nkhokwe agawira wanjala."

Bwampini adatutumutsa masaya. "Ndine munthu wachifundo. Ndizimugawira."

Asanachoke, Sakhwi adatafuna luzi lonse lomangira mpanda kumitengo yake, nasiya mfundo imodzi yokha pansi, pamene ankadziwa yekha. Panjira adaimba nyimbo ija, koma motsitsa, chifukwa mtima wake sudali pansi. Ankadziwa kuti wamanga nyumba yabwino pamwamba pa mabodza awiri.

Ng'oma idalankhula momveka kuposa kale lonse. Bwampini akamaimba za kukolola, maseche ankalira, iye n'kumaliza mawu ake, n'kupereka ndodo akumwetulira. Pusi ankachenjeza, n'kuponya ndodo pachibowo akumwetuliranso. Mphamba adabwera kangapo nabwerera chimanjamanja. Sakhwi ankabwera tsiku ndi tsiku kudzaona ngati zonse zili m'malo.

Tsiku lina la mphepo, udzu utauma gwa, Sakhwi ali pafupi ndi chisakasa, Bwampini adatenga ndodo, naikhalira, namasula chingwe chimodzi kuti akunge. Nachisale adali kudimba ndi ana, akuthirira mpiru. Pusi ali pansanja adaona utsi kuseri kwa minda ya kumapeto, mphepo ikuukankhira kumadimba. Adalumpha, nakoka chingwe. Maseche adalira.

Bwampini adali atakondwa tsiku limenelo, ndipo chinsinsi chidali chitamulemera m'masaya nthawi yaitali. Kwa nthawi yoyamba adalankhula kupyola mpanda.

"Gwadani bwino, a Kapitawo, ndimve maondo akugunda pansi."



"Wagwada ndani?" adakuwa Pusi. "Masechewa ndi oitanira wantchito! Bweretsa ndodo, wantchito iwe!"

"Wantchito? Ine? Sakhwi adati..."

"Sakhwi adati kwa ine..."

Onse adazindikira nthawi imodzi.

"Za Sakhwi tidzakamba!" adakuwa Pusi. "Moto, Bwampini! Moto kumadimba! Ndodo!"

"Bodza linanso," adatero Bwampini, nakhazikika bwino pandodo. "Mwapangana kundiseka nonse awiri. Ndodoyi ituluka muno mukagwada zenizeni, pamaso pa anthu."

Sakhwi adathamangira pachibowo. "A Nduna, ndinanama ndine, a Kapitawo sakudziwa kanthu. Koma motowo ndi woona. Mkazi wanga ali kumeneko ndi ana."

"Wanama kangati, Kamphuno? Lero ndikukhulupirire chifukwa chiyani?"

Lilime limene lidatumikira Sakhwi moyo wake wonse lidali litatha ntchito. Miyendo yake inkafuna kuthamanga, ndipo adali wothamanga kuposa onse m'mudzimo, koma ankadziwa kuti moto wa mphepo sapikisana nawo, ndiponso kuti kumadimba kudali mabanja ambiri, osati lake lokha. Chokhacho chotha kufika moto usanafike chidali mawu a Mvekera.

Pusi adatola mwala. "Ndiimba ndi uwu, Nungu adzandiweruze."

"Ayi, a Kapitawo! Chingwe n'chomasula mkatimo. Ilira ngati tsiku la nguluwe, ndipo mukaing'amba tatha tonse."

"Ndiye ndichite chiyani, mkamwini iwe?"

"Imani pambali."

Sakhwi adagwada patsinde pa mpanda, napeza mfundo ija, nailuma. Mpanda wonse udapendekeka, mphepo idaukankha, nugwa pansi. Akuluakulu awiri adapezeka akuyang'anizana, ng'oma ili pakati pawo. Palibe adali pamaondo, koma Sakhwi yekha. Ndipo Bwampini, amene kuyambira kale sankaona kanthu kupyola bango, adaona utsi wakuda utadzaza kumwamba kumbali ya madimba.

"Mayo!" adatero. Adanyamuka pandodo, naitambasulira kwa Pusi ndi manja awiri. "Tengani!"

Pusi adaitsomphola, naikweza m'mwamba.

"Dikirani! Chingwe!" adakuwa Bwampini.

Pa moyo wake wonse Pusi sadadikirepo munthu. Mkono wake udaima m'mwamba, mano ali gwa, maso ali kuutsi. Koma adakumbukira kulira kwa mtolo wa madeya kuja, ndipo sadamenye. Bwampini adaluma chingwe, nakoka ndi thupi lake lonse. Sakhwi adalumphira kumbuyo kwake nakoka nawo. Chikopa chidakungika, mfundo idamangidwa.

"Tsopano, a Kapitawo!"

Ndodo ya mphingo idagwa, ndipo Mvekera adalankhula ndi pakamwa pamodzi: moto, thawirani kumadzi, moto, thawirani kumadzi. Pusi adaimba mpaka mkono kutopa, kenako adapereka ndodo kwa Bwampini, ndipo Bwampini adapitiriza kaimbidwe komweko.

Sakhwi sadadikire. Adathamanga mpaka mapazi kupsa ndi phulusa. Dimba adalipeza litapserera, mtsuko wothirira uli chogubuduka. Adaitana, osayankhidwa. Adatsikira kumtsinje, ndipo kumeneko adapeza mabanja onse a kumapeto ali m'madzi mpaka m'khosi, ana ali pamitu. Nachisale adali pakati pawo, wakhanda ali pamutu, Ndaziona atamukangamira paphewa lachipsera lija.

"Munamva?" adafunsa Sakhwi, mpweya ukumuthawa.

"Tinamva. Inachedwa, bambo a Ndaziona, utsi unali utayamba kutitsamwitsa. Koma itangolira sindinafunse munthu. Ndinataya mtsuko n'kunyamula ana."

Pamenepo a m'madzi aja adayamba nyimbo ya Sakhwi. Onse adali ataidziwa. Koma pamalo pofunsa kuti mwana wa kumapeto amvere pati, mkazi wa Mende adaikapo mawu onena kuti wamva, ndipo ena adavomera mokweza.

Moto utazima, Nungu adaitanitsa bwalo. Sakhwi adabwera ndi ndodo ziwiri zija kuchokera kudenga kwake, naziika pansi pamaso pa onse.

"Mpanda wagwa ndi chifukwa," adatero Nungu, "pamenepo ulibe mlandu. Koma unanamiza kapitawo, unanamiza nduna, unandinamiza ine za chiswe. Ndipo tsiku limene unafunika kukhulupiriridwa, palibe anakukhulupirira. Bodza lako likanapha ana ako omwe. Ukuti bwanji?"

"Ndilibe mawu, Chalo."

"Aka n'koyamba," adatero Pusi, ndipo bwalo lidaseka.

"Chilango chako ndi ichi. Njira zonse zochokera kuminda kupita kumadzi uzizisesa ndiwe, iwe ndi ana ako, kuti tsiku lothawa pasakhale chopunthwitsa." Nungu adatembenukira kwa akuluakulu aja. "Nanga inu? Ndodo zanu ndi izo. Mpanda timangenso?"

Bwampini adayang'ana ndodo zija. "Chalo, ine ndikanaona utsi uja msanga pakanapanda bango. Mpanda usamangidwe. Koma masechewo atsale. Ndikamaimba ndimatsinzina, sindiona munthu."

"Atsale," adatero Pusi. "Koma aliyense amve: ndikakoka chingwe sindinagwade."

"Ndipo ine ndikapereka ndodo sindine wantchito wanu."

"Palibe wagwada, palibe wantchito," adatero Nungu. "Maseche akalira, ndiye kuti wina akufuna ndodo, basi. Nanga zakalezi?"

Pusi adatola yake, naithyola pabondo. Bwampini adalephera kuthyola yake, ndipo Pusi adamuthandiza.

Mpaka lero mukapeza kanjira ka sakhwi m'tchire mudzaona kali koyera, kopanda tsamba, ndipo mwini wake amakayendera akukankhira zinyalala pambali. Chilango chija sichidathe.

Nyengo yososa itafika, Sakhwi adali kusesa njira pafupi ndi munda wake pamene ng'oma idalira. Adali Bwampini, akunena za dima la kwa mkazi wa Mende. Mawu adatha bwinobwino, ng'oma idapuma kamphindi, kenako idalankhula ndi dzanja la Pusi kuti Mphamba ali kutali ndipo wapita, pitirizani ntchito. Idapumanso, ndipo Bwampini adayambira pomwe adasiyira.

Sakhwi adayang'ana kumunda. Nachisale sadaweramuke. Khasu lake lidapitirira kugwa ndi kudzuka, ndipo ali chowerama chomwecho adaitana, "Bambo a Ndaziona, akuti mawa mupite ndi khasu lanu, osati lobwereka."

Nthano yaima pamenepa. Ndodo ndaibwezera pachibowo.